Titagula Sitolo ya Mmwenye

Utelala ndinayambira pakhonde la sitolo ya mmwenye, m'mbali mwa msewu wochoka ku boma la Mangochi kulowera ku Nkopola. Malowo sanali aakulu. Panali sitoloyo, chigayo, mzikiti, kamsika ka pansi pa mlambe, ndi kanjira kotsikira kudooko kumene asodzi ankakocheza. Ndinali ndisanakwanitse zaka makumi atatu, ndili ndi mkazi ndi ana awiri. Makina anga anali opalasa ndi mapazi, ndipo ndinawagula kwa mphunzitsi wina wa ku Ntcheu amene anasamutsidwa mwadzidzidzi.

Ntchito inkayenda chonchi: munthu ankalowa m'sitolo, n'kugula nsalu, potuluka n'kundipeza pakhomo pomwepo tepi ili m'khosi. Amayi ankabwera ndi zitenje, abambo ndi khaki, ndipo Idi ikayandikira ndinkasoka mikanjo yoyera mpaka msana kuuma. Mmwenye sankandilipiritsa khonde. Ankadziwa kuti munthu sazengereza kugula nsalu ngati telala ali pafupi. Ulusi, mabatani ndi singano ndinkagula kwa iye yemweyo.

Mmwenyeyo anabadwira pomwepo, ndipo sitoloyo inamangidwa ndi bambo ake. Chiyao ankachilankhula bwino kuposa aphunzitsi ndi apolisi obwera kuchokera m'maboma ena. Sindinganene kuti anali munthu wabwino, sindinganenenso kuti anali woipa. Poyeza nsalu ankaikoka pang'ono kuti yadi ikwane msanga, ndipo antchito ake ankawapatsa malipiro ochepa. Koma mwana wa munthu akadwala mwakayakaya, ankamunyamula pa lole yake kupita naye kuchipatala osafunsa kanthu. Anali Msilamu ngati ife, komabe Lachisanu ankakaswali ku boma ndi anzake. Kuseri kwa kauntala kunali chitseko chobiriwira cholowera kunyumba kwake. Zaka zonse zimene ndinakhala pakhondepo sindinapondeko.

Nkhani yoti amwenye achoke tinayamba kuimva pa wailesi, kenaka inadzanenedwa pamsonkhano wa chipani. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo chimene chanenedwa pamsonkhano sichinkafunsidwa kawiri. Anati amwenye akachite malonda awo m'mizinda ikuluikulu, kuti malonda a kumidzi akhale m'manja mwa eni dziko. Tinawomba m'manja. Inenso ndinawomba, osati chifukwa cha mantha okha. Ndinkaona kuti m'mawumo munali nzeru. Tinali titayamba kudzilamulira, nanga n'chifukwa chiyani mwana wa dziko azingothera pakhonde?

Tsiku lina m'mawa, ndikudontheza mafuta m'makina, mmwenye anatuluka n'kuima pafupi nane.

"A Telala, mwamva?"

"Ndamva, bwana."

"Ine ndipita ku Limbe, kwa achimwene anga. Sitoloyi ndigulitsa pamodzi ndi katundu amene atsale. Mukadziwa munthu wofuna, mumuuze abwere tidzalankhule."

Sanaonetse kukwiya. Ananena monga munthu wonena za mvula, n'kubwerera m'kati kukakonza mashelefu.

Munthu amene ndinamuganizira anali amalume anga, mlongo wa mayi anga. Anali atangobwera kuchokera ku Joni, kumene anakhala zaka zambiri akugwira ntchito m'migodi. Anabwera ndi wailesi, njinga, jekete lalikulu losayenera kutentha kwa kunyanja, chifuwa chosatha, ndi ndalama zimene anasunga ku positi ofesi. Mnzawo amene anabwera naye limodzi ankawakopa kuti asonkherane agule ukonde wa chilimira, bwato lamatabwa ndi injini. Amalume ankazengereza. Nditawauza za sitolo, anapita kukaiyendera, n'kugogoda makoma, n'kuyang'ana malata. Pobwerera anali atatsimikiza kale.

"Mphwanga," anatero, "ukonde umang'ambika, bwato limagubuduka. Unamvapo sitolo itamira?"

Tinagwirizana kuti iwo aike ndalama, ine ndiike mutu ndi miyendo, popeza ndinapita kusukulu mpaka sitandade eyiti ndiponso ndinkadziwa nsalu. Layisensi inatuluka ku boma tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu atatichitira umboni kuti ndife anthu omvera. Ndalama za amalume zinakwanira nyumba, sikelo, kauntala ndi katundu wotsala. Lole sitinaiganizire n'komwe. Mwini wake ankaifuna, komanso sitikanaikwanitsa.

Tsiku losamuka, loleyo inadzaza mabedi, mapoto ndi mabokosi. Anthu ambiri anabwera kudzaonerera, ena kudzatsanzika. Mmwenye anapereka makiyi kwa amalume, n'kugwirana nawo chanza, n'kukwera kutsogolo ndi mkazi wake. Fumbi litatha, ndinatsegula chitseko chobiriwira chija. Ndinkayembekeza kuona zinazake zazikulu. Ndinapeza zipinda ziwiri zotentha, zamawindo aang'ono, khitchini yakuda ndi utsi yonunkhira tsabola, ndi kabwalo kampanda kokhala ndi thanki ya madzi ndi mtengo wa ndimu. Nyumba ya mphunzitsi wamkulu inali yabwino kuposa imeneyo.

Miyezi yoyamba inayenda bwino. Inali nyengo ya usipa, anthu anali ndi ndalama m'manja, ndipo ambiri ankabwera kudzaona sitolo ya munthu wawo. Amalume ankakhala kuseri kwa kauntala atavala mzuli watsopano, ine n'kumathamanga pakati pa makina ndi mipukutu ya nsalu. Yadi yathu inali yokwanira, ndipo amayi ankauzana zimenezo kudooko. Koma zimene tinkagulitsazo anali katundu wa mmwenye. Mashelefu atayamba kuonetsa matabwa, inakwana nthawi yoti ndipite ku Limbe kukapikula.

Ndinakwera basi. Ku Limbe ndinayenda sitolo ndi sitolo, kulikonse akufuna ndalama pamanja. Parafini sindinagule chifukwa sankaloledwa pa basi. Mchere ndinagula wochepa chifukwa cha kulemera. Ndisanabwerere ndinafunsira kumene kunali mmwenye wathu, ndipo ndinamupeza m'sitolo yopikulitsa ya mkulu wake, akuyang'anira anyamata okweza makatoni. Ankaoneka wochepa thupi. Kumeneko sanali bwana wa aliyense. Anandiitanitsira tiyi, tinakhala pamabelo a mabulangete.

"Kunyanja kuli bwanji, a Telala?"

"Kuli bwino, bwana. Koma katundu akutha, ndipo kumutenga pa basi n'kovuta. Inu munkatha bwanji?"

"Lole ija sinkayenda yopanda kanthu," anatero. "Pobwera kuno inkanyamula usipa wouma, mpunga ndi mikeka ya anthu. Ulendo unkadzilipira wokha ndisanakweze ngakhale katoni imodzi ya sopo. Komanso katundu amene ndinkatenga muno sindinkalipira tsiku lomwelo. Achimwene ankandipatsa, ine n'kukagulitsa, n'kudzapereka ulendo wotsatira."

"Nanga ife sangatichitire chimodzimodzi?"

Anaika kapu pansi, n'kulowa mu ofesi ya mkulu wake. Sanakhalitsemo.

"Akuti sakukudziwani."

"Koma inu mumandidziwa."

"Ine ndimakudziwani, a Telala. Koma katundu si wanga."

Anandithandiza kumanga makatoni, ndipo anatuma mnyamata wa wilibala kuti andiperekeze kudepoti. Katunduyo anakwezedwa pamwamba pa basi. Titadutsa Liwonde mvula inayamba, lona yofunditsa katundu inali yobooka, ndipo ndinafika ndi mchere wonyowa ndi machesi osayaka. Panjira yonseyo ndinkaganiza zimene ndinamva. Ife tinagula makoma, malata ndi sikelo. Chimene chinkayendetsa sitoloyo chinakwera lole n'kupita ku Limbe.

Amalume atamva za lole anati tipite kubanki. Tinavala bwino, tinapita ku boma. Mkulu wa bankiyo anatilandira mwaulemu, n'kutifunsa chikole. Amalume anatchula sitolo. Iye anafunsa mapepala a malo. Malowo anali a mfumu, operekedwa pakamwa kwa bambo a mmwenye kalekale, ndipo panalibe pepala lililonse limene banki ikanalilandira. Anatilangiza kuti tiyambe tasunga ndalama kwa iwo zaka zingapo kuti atidziwe. Potuluka amalume anagula nthochi pamsika, tinadya titakhala pafupi ndi mlatho, n'kubwerera kwathu.

Kenaka panali abale. Amalume anali mwini mbumba. Alongo awo, ana a alongo awo ndi zidzukulu, onse ankayang'ana kwa iwo, ndipo kwathu zimenezo si zachilendo. Pakagwa maliro, nsanda inkachokera m'sitolo. Pakakhala sadaka, shuga ndi mpunga zinkachokera m'sitolo. Ana akamatuluka ku jando, nsalu zatsopano zinkadulidwa pamipukutu yathu. Tsiku lina mayi anga enieni analowa, n'kuloza sopo ndi paketi ya shuga. Ndinatchula mtengo motsitsa mawu. Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana mlongo wawo.

"Achimwene, kodi ndiyambe kugula kwa inu?"

"Apatse," anatero amalume, osandiyang'ana.

Madzulo ake ndinawauza kuti mmwenye sankachita zimenezi.

"Mmwenye analibe mlongo kuno," anayankha. "Ine ndikafa adzandisambitsa ndani, makasitomala?"

Sindinatsutse. Anthu omwewo ndi amene anasamala mayi anga ndi ife amalume ali ku Joni, ndipo ndi amene ankatilimira munda ife tili m'sitolo. Kungoti katundu wotuluka mwa njira imeneyo sankabweretsa ndalama yokapikulira wina.

Chipani nachonso chinali ndi gawo lake. Mtsogoleri wa dziko akamabwera m'boma lathu, kapena kukakhala msonkhano waukulu, anthu ankasonkha mphatso. Tcheyamani ankafika m'sitolo ndi anyamata awiri, n'kukhala pampando wa makasitomala.

"Inu ndi a bizinesi," ankatero. "Simungapereke ngati munthu wolima chinangwa."

Tinkapereka. Tsiku la msonkhano sitolo inkatsekedwa. Masiku ena anyamata a chipani ankaima pamsika kufunsa makhadi, ndipo amene analibe ankazemba njira ya kuseri kwa migwalangwa osafika pakhomo pathu. Komabe chipani chomwecho chinkandipatsa ntchito yambiri kuposa Idi. Amayi okavina pamisonkhano ankafunika kuvala nsalu yofanana, ndipo mabulauzi ndi maduku a dera lonse ankadutsa pa makina anga. Nyengo zimenezo ndinkapalasa kuyambira m'mawa mpaka miyendo kutupa, ndipo ndalama ya utelala ndi imene inkatseka maenje a sitolo.

Msewu unali utangoikidwa tala zaka zomwezo. Tinkayembekeza kuti utibweretsera ogula, ndipo unabweretsadi anthu. Malole a ku Blantyre anayamba kufika ndi ayisi kudzagula chambo chachiwisi padooko pomwepo. Mitengo ya nsomba inakwera. Mnzawo wa amalume uja, amene anagula chilimira ndi injini, anamanga nyumba yamalata, kenaka anagula galimoto yaing'ono ya matola. Ankaima pasitolo kudzapereka moni, n'kugula machesi okha. Zinthu zikuluzikulu ankakagula ku boma, chifukwa ulendo umene kale unkatha tsiku tsopano unali wongopita n'kubwera dzuwa lisanapendeke. Ogwira ntchito m'mahotela a ku Nkopola nawonso akalandira malipiro ankakwera basi. Msewu umene unabweretsa ndalama kunyanja ndi womwewo umene unkazitengera kwina. Kwa ife kunkatsala ogula mchere wa pa supuni ndi parafini wa m'kabotolo.

Patapita nthawi kampani ina inatsegula malo opikulitsa ku boma. Zimenezi zinatipepukitsa. Sopo, machesi ndi mafuta ophikira ndinkakatenga pa njinga. Koma aliyense wokhala ndi kandalama ankathanso kukatenga komweko, ndipo timaokala tinamera m'mbali mwa msewu ngati bowa. Nsalu zabwino zinali ku Limbe basi, ndipo ulendo wa ku Limbe ndinkaupanga mwa apo ndi apo.

Chimene chinatifooketsa kwenikweni chinachokera kutali. Ku Mozambique kunali nkhondo, ndipo njanji zimene katundu wa dziko lino ankadzera zinasiya kuyenda bwino. Ife nkhondoyo tinaiona pa pampu ya mafuta ku boma, pamene magalimoto ankagona pamzere. Mabasi anachepa. Chigayo chinkakhala masiku osalira. Katundu ankazungulira njira zakutali, n'kufika atakwera mtengo. Kenaka wailesi inayamba kulengeza kuti mphamvu ya kwacha yatsitsidwa. Poyamba sindinamvetse kuti zikundikhudza bwanji, popeza kwacha ya m'thumba mwanga inkaoneka chimodzimodzi. Ndinamvetsa nditagulitsa katoni yonse ya sopo, ndi phindu lomwe, n'kupeza kuti ndalamayo siikukwananso kugula katoni ina. Zinthu zina, monga shuga, mtengo wake unkaikidwa ndi boma, ndipo wokweza ankatha kulandidwa layisensi. Ukachotsa cholipira ponyamula, panalibe chotsala. Tinasiya kugulitsa shuga.

Amalume anayamba kutalikitsa zitini pamashelefu kuti m'sitolo muzioneka modzaza. Pamwamba ankaikapo makatoni opanda kanthu. Anthu ankadziwa, koma palibe ananenapo. Amalumewo ankatsegula m'mawa uliwonse, n'kusesa, n'kukhala pampando wawo akumvera wailesi. Chifuwa chawo chinkakulirakulira.

Nzeru yosintha zinthu inachokera kwa mkazi wanga. Iye nthawi yonseyi ankachita geni yake kudooko. Ankagula usipa kwa asodzi, n'kuuyanika pathandala, n'kugulitsa kwa amayi ochokera ku Limbe ndi ku Zomba. Chifukwa cha kusowa kwa mafuta, amayiwo ankadikira lole masiku angapo, akugona pakhonde la sitolo yathu ndi matumba awo. Mvula ikabwera usipa unkachita nkhungu, ndipo agalu ndi akuba sankawapatsa tulo. Tsiku lina tikudya, mkazi wangayo anandiuza maganizo ake.

"Abambo ake, chipinda chachikulu chija chikusunga chiyani?"

"Katundu."

"Katundu wake uti? Makatoni aja? Amayi aja akugona panja ndi nsomba za ndalama zambiri. Muwatsegulire asungemo, azilipira pa thumba. Zipinda za kuseri azigonamo. Ine ndiziwaphikira."

"Nsalu singakhale pamodzi ndi usipa. Itenga fungo."

"Nsalu yatsala mipukutu ingati?"

Inali itatsala yochepa, ndipo iye ankadziwa. Koma sakanatha kukanena yekha kwa amalume, poti anali apongozi ake, choncho ndinapita ndine. Ndinawapeza akupukuta sikelo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anayang'ana mashelefu.

"Ndinapita pansi pa nthaka zaka zonse zija kuti ndidzakhale mlonda wa usipa?"

"Sitolo ikhalapobe, amalume. Tingochepetsa. Sopo ndi machesi tizigulitsira pawindo."

"Anthu adzati chiyani?"

"Anena kale zimene akanati anene."

Anatsokomola, n'kupachika nsanza pa msomali.

"Umuuze mkazi wako ayese."

Tinachotsa kauntala, n'kuyala matabwa pansi kuti matumba asagunde simenti. Nsalu zotsala ndinazisoka mayunifolomu a sukulu n'kugulitsa. Pasanathe mwezi chipinda chinadzaza mpaka kudenga, ndipo fungo linkamveka munthu ali pamsika. Madalaivala atadziwa kuti nsomba zimapezeka pamalo amodzi, zouma bwino ndiponso zomangidwa kale, anayamba kuima pakhomo pathu m'malo mozungulira madooko ndi mafuta awo ochepawo. Amayi enanso anamva, nabwera. Mkazi wanga analemba ntchito atsikana awiri a m'mbumba ya amalume, wina wophika, wina wotunga madzi. Abale amene kale ankabwera kudzatenga sopo tsopano ankabwera kudzasenza matumba n'kulandira kangachepe. Sindikudziwa ngati mkazi wangayo anachita kuganizira zimenezo kapena zinangochitika.

Amalume anazolowera msanga kuposa mmene ndinkaganizira. Makiyi ankasunga okha, ndipo thumba lililonse ankalidziwa mwini wake popanda chizindikiro. Madalaivala ena anali anthu oti anakhalako ku Joni, ndipo ankacheza nawo m'chilankhulo cha kumigodi, akuseka zinthu zimene enafe sitinkazimva. Phindu silinali lalikulu, koma linkabwera tsiku ndi tsiku, ndipo silinkadalira ulendo wa ku Limbe. Fizi ya mwana wathu woyamba, atasankhidwa kupita kusekondale, inachokera m'chipinda cha usipa chimenecho.

Ine makina ndinawachotsa pakhondepo, chifukwa palibe amene akanabweretsa nsalu ya ukwati pamalo onunkha nsomba. Kapitawo wina wa pahotela ya cha ku Makokola, amene ndinamusokera suti ya ukwati zaka zam'mbuyo, anandiitana kuti ndikasoke makatani ndi mayunifolomu a operekera zakudya. Ndinkamanga mutu wa makina pa njinga n'kupalasa m'mawa kusanatenthe. Anandipatsa kachipinda kuseri, pafupi ndi kochapira zovala. Kumeneko ndinaona magetsi akuyaka usana, ndi alendo otsika ndege pabwalo la pafupi. Ndinaonanso galimoto ya hotelayo ikubwera kuchokera ku Blantyre ndi nsalu zimene ndinkasoka, ulusi wake, mbatata, kabichi, ngakhale mazira. Kwa ife a m'mbali mwa nyanja ankagula nsomba ndi manja athu. Ndinafunsa wophika wina chifukwa chake sagula mazira m'midzi. Anati anayesapo, koma sabata ina ankabwera ambiri, sabata ina osabwera n'limodzi lomwe, ndipo mlendo sauzidwa kuti nkhuku sizinaikire.

Mawaya a magetsi opita kumahotelawo ankadutsa pamwamba pa msika wathu. Tinkawaona tsiku lililonse, mbalame zitaterapo. Kuwatsitsa kuti alowe m'nyumba kunkafuna ndalama zimene panalibe anali nazo, kufikira mwana wa mwini chilimira uja anakokera m'kanyumba kake n'kuika firiji ndi makina owotcherera zitsulo. Kuyambira pamenepo injini za mabwato ndi njinga zinkakonzedwa pomwepo, osapitanso nazo ku boma, ndipo anyamata angapo anaphunzira ntchitoyo kwa iye.

Pa wailesi mawu oti chitukuko ankatchulidwa tsiku lililonse, ndipo sindinganene kuti linali bodza lokhalokha. Msewu unalipo, sukulu zinawonjezeka, nyumba zamalata zinachuluka. Kungoti zinthu sizinkafika pamodzi. Amene anali ndi mpamba analibe galimoto, amene anali ndi luso analibe womukhulupirira, ndipo zonse zikayamba kulongosoka mafuta ankasowa chifukwa cha nkhondo ya eni ake. Masitolo ena a amwenye m'njira imeneyo anagwa madenga, ena anasanduka malo omwera tiyi, ochepa anapitirira m'manja mwa anthu amene anali ndi malipiro a boma kumbali kapena wachibale wa galimoto. Yathu inali pakati.

Amalume anamwalira nyengo ya mwera, chifuwa chija chitawagoneka milungu ingapo. Kumaliro kunabwera anthu ambiri, ndi amayi a usipa omwe, ena kuchokera ku Zomba. Nyumba ya sitoloyo inatsala m'manja mwa mbumba. Panali kukokana pang'ono pakati pa ana awo ndi alongo awo, koma akuluakulu a kumzikiti anakhalirapo, ndipo anagwirizana kuti mkazi wanga apitirize ntchito n'kumapereka lendi yogawana mbali zonse ziwiri.

Ntchito ya kuhotela inali ya nyengo. Makatani akasokedwa amakhala zaka. Choncho ndinapeza malo pamsika wa ku boma, pamzere wa atelala, n'kumapita m'mawa kubwera madzulo. Kumeneko ndi kumene ndinaonera kaunjika koyamba, chakumapeto kwa ulamuliro wa chipani chimodzi. Anyamata ankayala pansi milu ya zovala zovalidwa kale zochokera kunja, n'kumaitanira. Malaya athunthu, osokedwa bwino, ankatsika mtengo kuposa nsalu yokha yosasoka. Atelala anzanga anadandaula, ena anagulitsa makina n'kubwerera kumudzi. Anthu osauka, amene kale ankavala chigamba pa chigamba, anayamba kuoneka bwino Lachisanu ndi Lamulungu.

Ndinakhala masiku angapo opanda wondibweretsera nsalu. Kenaka kunabwera msodzi wina atanyamula thalauzi la kaunjika lalikulu kwambiri, loti anthu awiri akanalowamo.

"A Telala, mungalichepetse?"

Ndinalitembenuza, n'kuyang'ana msoko wake. Linali la nsalu yolimba, yabwino kuposa iliyonse imene ndinagulitsapo.

"Ndingathe. Zotsalazo mutenga?"

"Zingakwane kabudula wa mwana?"

Ndinayeza ndi tepi. Zinkakwana. Anakhala pabenchi akudya chinangwa chootcha, ine n'kumasula msoko. Asananyamuke, mayi wina anali ataima kale pambali ndi diresi lofuna kufupikitsa manja, ndipo m'mbuyo mwake munali mphunzitsi ndi jekete lopanda mabatani. Ntchito imeneyo ndi imene ndinagwira mpaka maso anga atayamba kulephera kulowetsa ulusi pa singano.